Puloti 114

Scholastica anatuluka mu ofesi dzuwa litalowa kale, akabaza onse atathawira ku Songani. Inamuchedwetsa ndi fomu ya mu CRM, system yomwe kabungwe kawo kamalemberamo alimi olandira mbewu ya mpunga. Script yoyendetsa fomuyo inali yake yomwe, yomwe anailemba chaka chatha: puloti imodzi dzina limodzi, wina akayesa pa nambala yomweyo fomu imangoti duplicate. Kulembetsa kumatseka mawa 12, ndiye bwana Everson amafuna zonse zili tight.

Anayamba wapansi. Atafika pa kamlatho ka pafupi ndi manda anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Nawo anaima. Anayenda... tswa, tswa.

Anali bambo wachikulire, buluku lopinda, matope mpaka m'maondo chonsecho mvula inali isanagwe. Anafunsa ngati iyeyo ndi wa makompyuta uja. Akuti iwo ndi a Henderson a puloti 114, akazi awo apita katatu kukalembetsa koma akubwezedwa.

"Ndichotsenimo mayi. Ine ndinasiya kulima."

Scholastica anayankha za ku ofesi zomwe zija, zoti a Henderson abwere okha ndi ID adzasaine.

"Kubwera ndiye ndabwera."

Scholastica anayatsa tochi ya foni... palibe munthu! Matope okha, aawisi, othera pakati pa mlatho. Anathamanga osacheuka.

M'mawa anapeza mayi atakhala pakhonde la ofesi, thumba lopanda kanthu lili pamiyendo. Akazi awo a Henderson, ulendo wachinayi. Atawafunsa za amuna awo, mayiwo anati a Henderson anawaika mu 2021, manda a pa mlatho paja, ndipo izi akhala akunena ulendo uliwonse koma fomu ilibe polemba kuti munthu anamwalira.

Zoona, inalibe. Scholastica analowa kwa bwana. Anati ndi mizere iwiri ya script basi, five minutes, womwalira achoke, dzina la mkazi lilowe. Bwana Everson sanadzutse nkomwe mutu. Anati ma donor amawerenga maina, ukatsegula zimenezo akufa atuluka ambirimbiri nambala itsika, ndipo akaikhudza fomuyo ayambiretu kusaka ntchito ina.

Scholastica anabwerera pa laputopu. Puloti 114, Henderson, Active. Anaiyang'ana mpaka 12 inakwana.

Kenako anatuluka pakhonde paja.

"Pepani amayi, system ikukana."

Mayiwo anapinda thumba lawo bwinobwino, kanayi, n'kunyamuka.