Kadontho Kofiira ka pa Lizulu

Pamsika wa Lizulu, pamene msewu umalekanitsa Malawi ndi Mozambiki, panaima galasi lalikulu lotchedwa Kanunkhiza. Linkamvetsera zokamba za maboma onse ndi kuwerenga maulendo a sitima zapanyanja. Likanunkhiza mkangano, malowo ankafiira pamapu. Analipangira eni makampani, kuti azithawitsa katundu wawo zinthu zisanathine.

M'mawa wina mayiko awiri akutali anatsekerana njira yapanyanja. Kufiira kunayamba kuyenderera ngati mafuta pa pepala la mandasi. Kunafika ku fakitale ya mankhwala kutsidya kwa nyanja, kenako kudoko la Beira, kenako kuno. Dziko lililonse linatseka zipata n'kukumbatira zake.

Nachisale, wogulitsa tomato, anagusa galasilo ndi chala mpaka mudzi wake unaoneka. Denga limodzi lokha linali psuu, lakelo. Mwana wake Ndaziona ankabaya mankhwala a shuga tsiku lililonse, ndipo kabotolo komaliza kanali katatsala pang'ono kutha.

"Ndewu ya anthu oti sitinawabwerekepo ndi mchere womwe," anatero motsitsa mawu. "Ikamugwere mwana wanga?"

Mayi Felizarda, wa kabichi wochokera tsidya la Mozambiki, anasuzumira paphewa pake.

"Denga limeneli n'lanu, asisi? Ndimaganiza kuti mwapenta osatiuza."

Nachisale anayesa kuseka, kenako anamufotokozera za kabotolo ka Ndaziona.

M'mawa mwake Felizarda anatula dengu patsogolo pake. Pansi pa kabichi panali timabotolo tozizira ta mankhwala a shuga, tokutidwa m'kansalu konyowa.

"Kuchipatala kwathu kuli makina ofulula mankhwalawa. Chikutivuta ndi mabatire, aja munawatsekera kwanuku."

"Mlamu wanga amawakonza," anayankha Nachisale uku akugwada. "Mukamuona lero lomwe."

"Ndiye musandigwadire," anatero Felizarda. "Dzukani, tomato akuphwanyika."

Nkhani inamveka msika wonse. Amayi anayamba kudzaima pagalasi paja asanayale malonda, kufunafuna madenga ofiira. Wina ankapita kwa eni madengawo ndi mbewu, wina sopo, wina ankangokakhala nawo pakhonde.

Patapita miyezi, akatswiri a Kanunkhiza anatera ndi kandege kawo, atanyamula zida. Ankati galasi lawonongeka, poti dziko lonse linali lofiirabe koma pa Lizulu kufiira sikunkakhalitsa. Anamasula, anayeza, osapeza vuto.

Ndaziona anawapatsa tomato woti akadye kwawo. Galasi lija analipanga kuti liziuza anthu kothawa, koma amayi a pa Lizulu analimva ngati likuwauza kopita.