Gawo Limene Cephas Anabisa

Namwiinga anakumana ndi Cephas pa siteji ya mabasi ku Rufunsa, dzuwa likuswa mtengo. Mtsikanayu anali namwino wochokera ku Lusaka, ndipo fumbi la kuno linali litamufika m'khosi. Mnyamatayo anali ataweramira foni, akuonera makatuni nkumaseka yekha.

"Munthu wandevu ngati imwe, mutamba tukadoli?" anamuseka Namwiinga.

"Iyi ni nchito, ba sisita. Makatuni a ku Japan nimayaikila mau a Chinyanja kuti ana azimva. Onani."

Pa fonipo panali mnyamata wa tsitsi losongoka, lupanga lili m'manja, koma mawu anali a Cephas: "Olo dziko ipsye, nizabwela kukutenga!" Namwiinga anaseka mpaka basi inamusiya.

Basi, nyambo anameza! Cephas anamupatsa memori kadi yodzaza ndi makatuniwo, mameseji nkumagwa ngati mvula. "Wadya, ka maso ka katuni kanga?" Kenako lonjezo: "Tikakolola, nizatuma ankolo kwanu."

Mwayi wobwerera kukagwira ntchito ku Lusaka utabwera, Namwiinga anaukana. Akanasiya bwanji munthu wofuna kumukwatira?

Chimanga chinakololedwa, chinagulitsidwa, ankolo osaoneka. Chinanso chomukwiyitsa, pa kadipo panalibe gawo lomaliza, pamene mnyamata wa lupanga amapeza bwenzi lake lobedwa.

"Ba Cephas, ankolo kulibe, gawo lomaliza kulibe. Kansi ine nizayembekeza vingati?"

"Dalingi, kompyuta inadya. Khazika mtima pansi."

Mtima wake unali utatopa nako kukhala pansi. Loweruka anakwera minibasi osamuuza, ulendo wa ku Mpanshya kumene Cephas ankaonetsa makatuni m'kachisakasa. Cephasyo anali atapita kukagula petulo wa jenereta, koma ana anali thithithi pa mabenchi. Pa kanemayo? Gawo lomwe lija linadyedwa ndi kompyuta!

Namwiinga anaima kumbuyo. Omasulira mafilimu ali ndi chizolowezi chawo: nkhani ikafika pokoma, amaidula nkuyamba kupereka moni kwa anthu awo.

"Moni kwa ba Evaristo ogela tsitsi pamsika!" anatero mawu a Cephas pa sipika. "Manje moni wapadela..."

Mtima wa Namwiinga unagunda. Kodi nchifukwa chake ankabisa? Amafuna kumudzidzimutsa? Anayamba kumwetulira.

"...kwa akazi anga ba Olipa ku Shikabeta! Amake Mapalo, olo dziko ipsye..."

"Nizabwela kukutenga!" anamalizitsa anawo mokuwa. Anali ataonera kambirimbiri, mawuwo ankawadziwa ngati nyimbo ya kusukulu. Mpanshya yense ankadziwa, kupatula iye!

Manyazi ndi mkwiyo zinamugwira Namwiinga. Potembenuka anangoti gululu ndi Cephas, chigubu cha petulo chili m'manja.

"Dalingi! Wabwela liti? Zija ni zoseka chabe, ni katuni..."

"Katuni ili na mwana ku Shikabeta?"

Cephas anaika chigubucho pansi.

Namwiinga anachotsa memori kadi mu foni nkumuika m'dzanja lonunkha petulo.

"Malo yanga ku Lusaka anapatsa munthu wina chifukwa cha imwe," anatero, misozi ikutsika. "Tengani. Gawo lomaliza naliona."

Pa kanema, mnyamata wa lupanga anali atakumbatira bwenzi lake, ana akuomba m'manja. Namwiinga anapita kukadikira minibasi yekha.