Wotchi ya Agogo Yavala Sokosi

Febby ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Sinda. Ankakhala ndi amayi ake. Ankakhalanso ndi agogo ake aamuna, a Damiano. Febby sankalankhula kwambiri. Iye ankakonda kuyang'ana.

Febby ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti agogo asachoke pamudzi.

Agogo anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala anati aziyenda tsiku lililonse. Amalume a Wisdom anamva zimenezi ku Lusaka. Iwo anatumiza wotchi yakuda, yonyezimira.

Agogo akayenda, wotchi inkadziwa. Mtima wao ukagunda, wotchi inkamva. Wotchi inkauza foni ya amayi. Foni ya amayi inkauza foni ya amalume.

Agogo analandira wotchiyo ndi manja awiri.

"Mphatso ya mwana wanga," anatero.

Tsiku lina amalume anaimba foni.

"Asisi, atate akungogona! Wotchi ikuti amayenda pa Sondo pokha."

"Iwe Wisdom, atate sakhala pansi," anatero amayi.

"Musawabisire. Wotchi sinama. Loweruka ndibwera kudzawatenga. Azikhala kuno ku Lusaka."

Agogo anagwira tsaya.

"Nanga repu wanga athirira ndani?"

M'mawa agogo ananyamula ndowa. Anayamba ulendo wa kudimba. Febby anawatsatira. Anayang'ana miyendo yao. Miyendo inkayenda. Anayang'ana mkono wao. Pamkono panalibe wotchi.

Atabwerera kunyumba, Febby anafunsa motsitsa mawu.

"Agogo, wotchi ili kuti?"

Agogo anatsegula sutikesi. Munali jekete ya kutchalitchi. Munali nsapato za kutchalitchi. Munalinso wotchi, yokulungidwa m'kansalu.

"Mdzukulu wanga, jekete imapita kudimba?"

"Ayi, agogo."

"Nsapato izi zimapita kudimba?"

"Ayi, agogo."

"Basi. Chinthu chabwino ndi cha pa Sondo. Kudimba kuli matope."

Febby anayang'ana wotchi. Anayang'ana agogo.

"Agogo, inu simugona. Imene imagona ndi wotchi. Ikagona m'sutikesi, amalume amati mwagona ndinu."

"Ha!" agogo anaomba m'manja. "Ine thukuta kudimba, iyo ikundinamizira muno?"

Koma anapukusa mutu.

"Matope ayi. Mphatso ya mwana wanga isade."

Febby anaganiza. Anaganizanso. Kenako analowa m'chipinda. Anapeza sokosi yake yakale ya kusukulu. Inalibe inzake. Inali yobooka kuchala.

Febby anadula sokosi kumapeto. Anamanga wotchi pamkono wa agogo. Anaveka sokosi pamwamba pake. Wotchi inabisala.

"Onani, agogo. Wotchi yavala zakudimba."

Agogo anatembenuza mkono uku ndi uku. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Aa, iwe mwana! Tsopano ingathe kugwira ntchito."

M'mawa mwake wotchi inapita kudimba. Agogo anayenda. Anatunga madzi. Anathirira repu. Anathirira matimati. Matope anagwera pasokosi. Wotchi sinade.

Dzuwa litakwera, wotchi inanjenjemera.

"Ikufuna chiyani?" anafunsa agogo.

Febby anasuzumira pansi pa sokosi.

"Ikuti mtima wathamanga. Pumulani pang'ono."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Anadya nzimbe. Mtima unakhazikika. Agogo ananyamulanso ndowa.

Anachita chimodzimodzi tsiku lotsatira. Anachitanso tsiku linalo.

Lachisanu amalume anaimbanso.

"Atate, mwayamba liti kuyenda chonchi? Mumapita kuti?"

"Kudimba, mwana wanga. Kumene ndimapita masiku onse."

Loweruka amalume anabwera. Anaona sokosi pamkono wa agogo. Amayi anawauza zonse. Amalume anakanda m'mutu.

"Pepani, atate. Pepani, asisi."

Anatembenukira kwa Febby.

"Ndiwe unaona zimenezi?"

Febby anayang'ana pansi. Anamwetulira.

Amalume anabwerera ku Lusaka. Anatenga repu. Anatenga matimati. Agogo sanawatenge.

Madzulo Febby anachapa sokosi. Anaiyanika pachingwe.

Pa Sondo agogo anavala jekete. Anavala nsapato. Wotchi inkanyezimira pamkono. Febby anawagwira dzanja, onse anapita kutchalitchi.

Sokosi inatsala pachingwe. Inkadikira Lolemba.