Duwa la pa Kompyuta ya Tobias

Doreen ndiye anayamba kuziona. Akutseka golosale yake pa Nsaru, mdima utangogwa, anaona kuwala kukutulukira m'ming'alu ya chitseko cha shopu ya mlamu wake Faness, momwe anthu amaikitsa nyimbo m'mafoni. Chitsekocho chinali chokhoma. Atasuzumira, anapeza kompyuta ili yoyaka, timalemba toyera tikuthamanga pagalasi lakuda bii.

Timalembato tinali ndi mbiri yake. Malemu Tobias, mwamuna wa Faness, anachotsa chithunzi chomwe chimabwera kompyuta ikamayaka, ati makina azinena okha pomwe pakuwawa. Faness ankadana nazo chifukwa makasitomala ankanong'onezana kuti ndi zausatana. Tobias atagonekedwa m'chipatala, Faness anaitana Eric, wokonza makompyuta, kuti adzaike chithunzi cha duwa. Anamudikira tsiku lonse m'malo mokaona wodwala. Duwa linaikidwadi, koma Tobias anatsirizika madzulo omwewo akufunsa za mkazi wake.

"Alamu, mwina munaiwala kuzimitsa," anatero Doreen kutacha.

Madzulo otsatira zinachitikanso, kenako zinangokhala za masiku onse. Mphekesera zinafika mpaka ku Kabudula, ati malemu akumabwera kuntchito. Faness anasiya kudya, tulo tinamuthawa.

Potsiriza Faness, Doreen ndi Eric anagwirizana zodikirira m'shopumo. Magetsi anali atazima. Anakhala pabenchi mumdima, akumva nkhululu kuseri ndi malata akulira pozizira. Magetsi atabwera, kompyuta inadziyatsa yokha.

"Izi zisakuopseni, a Tobias anaitchera choncho," ananong'ona Eric.

Duwa linaoneka. Kenako kunamveka kugogoda, tha, tha, tha, pang'onopang'ono, ngati chikhadabo pathabwa. Duwalo linazimirira, malemba anayamba kuthamanga mpaka anaima pa mzere wofiira.

"Andikwiyira," anatero Faness. "Iwo akundiitana, ine ndili pano kudikira duwa."

Eric anayandikira nawerenga mzerewo.

"Mayi, chikugogodacho ndi hadi disiki, mosungira zinthu zonse. Ikufa. Zikafika poipa, kompyuta imachotsa yokha chithunzi. Yakhala ikuchenjeza kuyambira kale, koma duwa limaphimba. Tisamutse zithunzi za bambo lero lomwe, zingatayike."

Doreen anapumira m'mwamba. Eric anakoka mpando wa malemu womwe unali patsogolo pa kompyutayo, umene munthu anali asanaukhalepo chichitikire maliro. Atangokhala anadzuka msanga, nabwerera cham'mbuyo mpaka kutsamira khoma.

"Kodi wakhala apa ndani?"

"Palibe. Si tonse tinali pabenchi?" anayankha Doreen.

"Nanga ukufunda bwanji?"

Faness anagwada, naika dzanja lake pampandopo. Panalidi pofunda, ngati munthu wangodzukapo kumene. Dzanjalo sanalichotse.

"Ndabwera, bambo," anatero chapansipansi. "Ndachedwa, koma ndabwera."

Kugogoda kuja kunaleka.