Nsengwa Imene Febe Sanaione

Febe, namwino wa kachipatala ka mishoni chakufupi ndi Nambuma, ananyamuka m'mudzi mwa a Chikoti mwezi utalowa kale, atakwiya kwabasi. Chinali chaka cha 1954. Anthu a m'mudzimo anadzamuitana Jenifer, mtsikana woyembekezera, atavutika kale ndi matenda a kubereka masiku awiri. Ndi khalidwe lawo: namwino amamukumbuka zinthu zitafika pa mwana wakana phala.

Mwana anabadwa bwinobwino. Koma Febe ali kalikiliki kumanga mchombo, a Nachisale, mayi aakulu amene analera Jenifer, anatola nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, n'kukaikwirira mobisa.

"Ndiione kaye ngati yatuluka yonse!" anatero Febe.

"Sitifukula zimenezo, amayi. Mufuna afiti adziwe pamene ili?"

Anakangana nawo mpaka kukhosi kuuma. Poona kuti magazi ndi ochepa, anagonja, nayamba kukankha njinga yake yophwa tayala, akung'ung'udza njira yonse.

Pamlatho wamitengo, moyang'anana ndi manda, nyali yake inayamba kuphethira. Kumbuyo kunamveka mapazi. Anaima. Nawonso anaima. Anacheuka...

Mayi wachitsikana, wachipsera cha moto patsaya, anali chiimire.

"Kodi nsengwa munaiona, amayi?" anafunsa mayiyo.

"Inunso mwayamba! Kafunseni a Nachisale."

"Yanga inatsalira kachidutswa. Poyamba magazi anali ochepa..."

Febe anakweza nyali. Nsalu ya mayiyo inali yonyowa, ikudontha. Koma pansi... pouma! Anatikita m'maso. Panalibe munthu!

Miyendo inafuna kuthawira kwawo. Koma zimene anaphunzira zinamukoka: kachidutswa kakatsalira, chiberekero sichilimba, ndipo mayi amatha magazi anthu ali m'tulo. Anadzikalipira yekha. Namwino wamtundu wanji wogonjera nkhalamba? Anasolola chikwama, kusiya njinga pomwepo, liwiro kubwerera.

Anapeza mphasa ili magazi okhaokha. Jenifer anali atazizira manja, mtima ukuthamanga, mimba itafewa.

"Chokani apa! Madzi otentha ndi sopo! Mwanayo muikeni kubere!"

Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, nachotsa kachidutswako. Anabaya jakisoni woletsa magazi, n'kutikita mimba kufikira italimba ngati dzungu. Tambala woyamba akulira, magazi analeka, ndipo Jenifer anapempha madzi akumwa.

"Kodi anakubwezani ndani?" anafunsa a Nachisale, mawu ali pansi.

"Mayi wina pamlatho, wachipsera patsaya," anayankha Febe mokalipa. "Wanzeru kuposa nonsenu."

Chikho chinawapulumuka a Nachisale. Anakhala pansi, n'kugwira pakamwa.

"Ameneyo ndi mng'ono wanga, mayi ake a Jenifer. Anamwalira chaka cha dzombe, usiku womwe anabereka mwanayu." Anayang'ana manja awo. "Nsengwa yakenso ndinakwirira ndine."