Kompyuta Itakhala Chete

Lamlungu cha m'ma folo koloko onse anali pabalaza. Amayi ankasita mayunifolomu, bambo ankalimbana ndi lamba wa nsapato amene anaduka, achimwene ankamwa tiyi pafupi ndi zenera. Phuma anali pampando wa pakona, laputopu ili pamiyendo.

Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi ake ali wamng'ono, chifukwa ankathamangira kusukulu mabatani a malaya asanamange. Laputopuyo sinali yake. Inali ya achimwene ake, amene maso awo anasiya kuona ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Munali pulogalamu imene inkawawerengera mokweza chilichonse cholembedwa pa sikirini, ndipo mawu amenewo ndiwo ankawayendetsa pa maphunziro awo a pa intaneti. Mawa lake m'mawa anali ndi mayeso omaliza.

Nayenso Phuma anali ndi yake ntchito. Aphunzitsi a jogalafe ankafuna mawa lomwelo lipoti lotayipa, lokhala ndi matebulo a manambala. Achimwene anamubwereka makinawo kwa ola limodzi, koma munalibe pulogalamu ya muofesi yopangira zoterozo. Iye osafunsa, anaipeza pa intaneti n'kuyamba kuiika. Kompyuta inaonetsa mizere yambirimbiri, pansi pake n'kufunsa ngati ipitirize. Phuma anali atatsitsiratu mawu kuti asamusokose. Anadina batani lovomereza, pulogalamu n'kulowa bwinobwino.

"Ola lakwana, Phuma," anatero achimwene, atatambasula manja.

Anaika laputopu patebulo, anavala mahedifoni, anadina apa, anadina apo. Anavula mahedifoni aja n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Kuli zii.

"Iwe, wachita chiyani?"

"Palibe. Ndangoikamo pulogalamu yolembera."

"Wangoikamo! Inakufunsa kanthu?"

"Inangolemba zambirimbiri."

"Zoti chiyani?"

Phuma anayang'ana pansi. "Sindinawerenge."

Achimwene anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira pansalu. "Uli ndi maso awiri abwinobwino, koma kuwerenga mizere khumi kwakukanika? Ine zaka ziwiri ndikuvutika ndi maphunziro amenewa, iwe wandithimitsira ndi chala chimodzi!"

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?" Phuma anayankha mokweza. "Pakhomo pano chilichonse ndi achimwene, achimwene. Inenso ndili pasukulutu!"

"Tseka pakamwa pakopo," anatero amayi, ataimika simbi. "Wathyola mwendo wa mnzako, ndiye ukudandaula kuti wakuponda?"

Bambo anati aitengere kwa wokonza makompyuta, koma amayi anawakumbutsa kuti Lamlungu satsegula. Achimwene anakhala kanthawi atagwira mutu. Makinawo ankawadziwa kuposa aliyense m'nyumbamo, koma popanda mawu aja anali ngati munthu amene amutsekera kunja kwa nyumba yake yomwe.

"Kokera mpando pano," anatero kenako, mawu ali gwaa. "Ukhala maso anga. Uwerenge chilichonse, ngakhale kadontho. Ukadumpha mzere umodzi, ndidziwa."

Phuma anakoka mpando mokwiya n'kukhala. Achimwene anatayipa okha, zala zikuyenda mosaphonya, n'kutsegula pamene kompyuta imasunga mbiri ya zonse zimene zalowa ndi kutuluka.

"Werenga."

"Akuti zalowa zisanu ndi ziwiri. Zachotsedwa zitatu, zinazake zinazake…"

"Zinazake ndi dzina la ndani? Tchula chilembo chimodzichimodzi!"

Anatchula. Pa mzere wachitatu anaima. Linali dzina la pulogalamu yowerenga ija. Pamwamba pake panali chenjezo la zilembo zikuluzikulu, lonena poyera kuti ikavomerezedwa, pulogalamuyo ichotsedwa. Chenjezolo linali pomwepo nthawi yonse ija.

"Tiibwezeretse," anatero Phuma motsitsa mawu.

Anayesa. Kompyuta inakana, n'kulemba mizere ina yofiira. Phuma anawerenga pang'onopang'ono, achimwene akumubweza pamene wathamanga. Nkhani inali pa kapulogalamu kena kakang'ono kamene mapulogalamu onse awiri ankadalira. Yowerenga ija inkafuna kakale, ka nambala 3. Ya muofesi inabwera ndi katsopano, ka nambala 5, n'kukankhira kunja kakale kaja. Tiwirito sitikanakhalira limodzi.

"Ndiye kuti mpando ndi umodzi," anatero bambo, amene anali ataima kumbuyo kwawo nsapato ili m'manja. "Wina aimirire basi."

Palibe anaseka. Achimwene anatembenukira kumene kunali mlongo wawo.

"Mwina ilipo ya muofesi yakale yogwirizana ndi nambala 3. Koma kuifufuza ndi kuiyesa, ndiye kuseweranso ndi mayeso anga. Lipoti lako walemba masamba angati?"

"Awiri. Ndi tebulo limodzi."

"Likakhala losatayipa amachotsa malikisi angati?"

"Khumi."

Achimwene anachotsa manja pa mabatani n'kuwaika pamiyendo. Phuma anayang'ana manjawo. Anakumbukira mmene anatsitsira mawu aja ngati phokoso la ntchentche, chonsecho kwa mwini wake ndiwo anali msewu wonse.

"Ndiuzeni potayipa," anatero. "Ndiichotsa ndekha."

Anachotsa ya muofesi ija. Kompyuta inaonetsanso mndandanda n'kufunsa ngati ipitirize. Phuma anawerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, achimwene n'kugwedeza mutu, ndiye anadina. Anachotsa nambala 5, anabwezeretsa nambala 3, kenako yowerenga ija. Netiweki inkakoka miyendo, ndipo amayi anamaliza kusita zovala zonse kanthu kasanaoneke. Atazimitsa makinawo n'kuyatsanso, onse anayandikira patebulo.

Mawu aja anatuluka mwadzidzidzi, okwera mpaka kumapeto, moti bambo anagwetsa nsapato.

Achimwene anapuma mozama n'kuvala mahedifoni. Sanathokoze, ndipo nkhope inali ikadali yomanga. Anangoti, "Mpaka mayeso atatha, usaiyandikire. Zako tidzaziona Lachiwiri."

Phuma anatenga mapepala ndi rula n'kukakhala patebulo la kukhitchini. Matebulo a lipoti anawajambula pamanja, mzere umodziumodzi, dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake anadzuka mochedwa monga mwa masiku onse. Anamwa tiyi choimirira, anaponya lipoti m'chikwama, n'kuthamangira kukhomo. Achimwene anali akusamba, mayeso atatsala ndi ola limodzi. Atagwira chitseko, Phuma anacheuka. Mpando umene anakokera patebulo dzulo lija unali ukadali pakati pa njira, pomwe achimwene amadutsa pochokera kuchipinda. Nsapato zake zapakhomo zinali mbali iyi ina, mbali iyo ina.

"Iwe, belu likupeza panjira!" anakuwa amayi ali kukhitchini.

"Ndamva, amayi."

Anatula chikwama pansi, ananyamula mpando uja n'kukauika pamalo pake kukhoma. Anatola nsapato zija, anayang'ananso njira yonse kuyambira kuchipinda mpaka patebulo, kenako anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.