Mkhalapakati wa m'Phiri la Dedza

Gologolo anatsetsereka pa njanji yake, nakwera mashelefu mpaka kudenga, n'kusolola tepi imodzi pakati pa zinzake zikwizikwi. Anali loboti wa mikono iwiri, msinkhu wake ngati wa mbuzi, ndipo dzinali anamupatsa ndi antchito chifukwa cha liwiro lake. Anatsika nayo tepiyo, kuilowetsa m'makina owerengera, ndipo posakhalitsa dokotala wina ku Ntcheu anali akuyang'ana mapapo a wodwala wake monga analili zaka zambiri m'mbuyomo.

Malowa ankatchedwa Nkhokwe. Anawakumba m'mimba mwa phiri la Dedza poti makina amakonda pozizira. Masiku amenewo munthu aliyense ankajambulidwa m'thupi kuyambira ali khanda, ndipo dokotala sankayerekeza kung'amba munthu asanafanizire chithunzi cha lero ndi chakale. Zithunzi zatsopano zinkakhala pa madisiki, chifukwa disiki imayankha msanga. Zikakhalitsa zinkasamukira pa matepi, omwe ndi aulesi koma saiwala. Zopempha za zipatala zinkafikira pa maseva, makompyuta akuluakulu oyendera pulogalamu yotchedwa Poyera. Poyera inalibe mwini. Aliyense wodziwa ntchito ankatha kuiwerenga mzere ndi mzere, kuona chimene ikuchita, ngakhale kuikonza.

Ntchito ya Mwatitha Chimwaza inali yolumikiza masevawo ku madisiki ndi matepi. Madandaulo onse ankagwera pa iye. Madokotala ankati zithunzi zakale zikuchedwa, ndipo mashelefu anali pafupi kudzaza. Choncho kampani ina yakunja itabwera ndi pulogalamu yake yotchedwa Mkhalapakati, mtima wa Mwatitha unakhala pansi. Mkhalapakati ankakhala pakati pa Poyera ndi zosungira, n'kumaphunzira yekha zimene madokotala amafuna. Eni ake analonjeza kuti kudikira kutha, malonso sadzaperewera. Chovuta chake chinali chimodzi: anali wotsekeka ngati dzira, palibe akanatha kuwerenga zamkati mwake.

Kampaniyo inatenga anthu awiri kukawaphunzitsa kwawo, Mwatitha ndi mkulu wa Nkhokwe, Mayi Chadza. Amene anatsala anali a Kamwendo, injiniya mnzake wa Mwatitha, amene anamutsogolera pantchitopo ndipo ankadya naye pa tebulo limodzi masana alionse.

Tsiku lolumikiza, Mwatitha atagwada kuseri kwa maseva ndi zingwe m'manja, a Kamwendo anaima pambali pake atapinda manja.

"Mayi Chimwaza, chinthu chosawerengeka mukuchiika bwanji pakati pa zinthu zathu zowerengeka?"

"Inunso m'mutu mwanu sitiwerengamo, a Kamwendo, koma timagwira nanu ntchito," anayankha Mwatitha akuseka.

A Kamwendo sanaseke. Mumtima Mwatitha anati ndi nsanje ya ulendo uja basi.

Poyamba Gologolo anagwira ntchito ngati wopenga. Mkhalapakati ankafuna kuwerenga tepi iliyonse, ndipo njanji zinachita kutentha. Kenako zinthu zinasintha. Dokotala akapempha chithunzi, chinkafika asanachotse chala pa batani. Mafoni odandaula analeka. Gologolo anayamba kuyenda mwa apo ndi apo, mzere umodzi wa mashelefu lero, wina mawa, ndipo Mkhalapakati ankalengeza kuti malo opanda kanthu akuchuluka. Mayi Chadza anayamba kumutchula Mwatitha pa misonkhano.

Ndi nthawi yomweyo pamene a Kamwendo anasiya kubwera ku tebulo. Ankati m'mimba simuli bwino, tsiku lina ankati adyera kunyumba. Masana ena Mwatitha anabwerera kukatenga juzi yake, ndipo anawaona akutuluka m'chipinda cha matepi, jekete litafufuma mbali imodzi. Atamuona anatembenuka msanga ngati akukonza chitseko.

Mwatitha anatenga juzi yake n'kumapita. Koma kuyambira pamenepo maso ake anali pa jekete lija. M'mawa linkalowa lopepuka, madzulo linkatuluka likulendewera. Aliyense ankadziwa kuti kunja kunali anthu ogula zithunzi za m'thupi mobisa, mabwana ofuna kudziwa wantchito amene adzadwale, ngakhale mabanja ofufuza mkamwini asanakwatire. Mwatitha analowa yekha m'chipinda cha matepi, nayenda mzere ndi mzere. Kumapeto, kumene kunkakhala matepi a ana odwala mtima, mashelefu anali ndi mipata ngati m'kamwa mwa munthu woguluka mano.

Anawapeza a Kamwendo akupaka mafuta pa njanji.

"Matepi a ana aja Gologolo wawasamutsira kuti?" anafunsa ngati sakudziwa kanthu.

A Kamwendo anapukuta manja pang'onopang'ono. "Funsani Mkhalapakati wanu. Si iye amadziwa zonse?"

"Ndikufunsa inu."

"Nane ndili ndi funso, mayi. Anthu aja kwawo kuja anakuuzani zotani zimene ife otsala sitinamve?"

Magazi anathamangira kumutu kwa Mwatitha. Munthu wakuba n'kumamunenanso iye! Madzulo omwewo anagogoda pa ofesi ya Mayi Chadza.

Alonda anapita kunyumba kwa a Kamwendo ndipo anabwerako ndi makatoni odzaza matepi, okutidwa bwinobwino ndi bulangete. M'mawa mwake atatuwo anakumana mu ofesi, makatoni ali pansi pakati pawo.

"Simukana, a Kamwendo?" anafunsa Mayi Chadza.

"Sindikana, bwana. Ndinatenga ndine. Koma sindinagulitse ngakhale imodzi. Ndimawapulumutsa. Gologolo akadutsa pa mzere, matepi a mzere umenewo amatsala opanda kanthu. Chinthu chanu chija chikufufuta."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

A Kamwendo anayang'ana Mayi Chadza, kenako Mwatitha. "Ndikanauza ndani? Wosaina ndi inu, wolumikiza ndi awa. Munakwera ndege imodzi."

Mayi Chadza anamenya tebulo, koma Mwatitha anawapempha kuti adekhe. Anatola tepi imodzi m'katoni, nawerenga nambala yake, napempha chithunzi cha mwana wina cha pa tepi imeneyo. Nthawi yomweyo mtima wa mwana unaoneka pa galasi la pakhoma, wooneka bwino, mitsempha yonse ili m'malo.

"Chafufutidwa chili kuti?" anafunsa Mwatitha.

A Kamwendo anatenga tepiyo n'kuikweza m'mwamba. "Tepi ili m'manja mwangamu. Chithunzicho chachokera kuti?"

"Pa disiki. Mkhalapakati amasunga zina pafupi kuti zisachedwe. Anatiphunzitsa zimenezo."

"Anakuuzani, kapena munaona?"

Msonkhano unathera pomwepo. A Kamwendo anaimitsidwa ntchito, nalandidwa makiyi, ndipo Mayi Chadza analamula kuti matepi abwerere m'malo mwake. Mwatitha anawalowetsa yekha pa kazenera kolandirira matepi, imodzi imodzi. Gologolo anadzambatuka, nayamba kuthamanga nawo uku ndi uku monga ankachitira kale. Mwatitha anaima akumuonerera, mtima uli m'malo, poganiza kuti zinthu za ana a eni zabwerera kwawo.

Loweruka lina bambo ake a Mwatitha anabwera kudzacheza akuchokera kuchipatala, kumene anakaonetsa mkono womwe unkatupa. A Chimwaza anagwira ntchito yocheka matabwa moyo wawo wonse, ndipo macheka anawadya zala ziwiri za kudzanja lamanja Mwatitha asanabadwe. Anakhala pakhonde, nalandira tiyi, n'kuyamba kuseka okha.

"Mwana wanga, makina ako aja ndi achifundo. Andibwezera zala."

"Mukutanthauza chiyani, ababa?"

"Adokotala aitanitsa chithunzi chakale cha dzanjali, chimene anandijambula zala zitaduka kale, kuti afanizire. Chabwera chili ndi zala zisanu, zokongola, zoongoka ngati za mlembi. Ine ndati, adokotala, ngati zilipo kumeneko ndipatseni ndizipita nazo. Iwo angoti mwina asokoneza ndi cha munthu wina."

"Dzina linali lanu?"

"Langa lenileni. Ngakhale fupa lomwe ndinathyoka ndili mnyamata limaoneka. Zala zokha ndiye zaonjezekera."

Mwatitha anaika kapu pansi, tiyi atatayikira pa chitenje. Anawasiya bambo ake ali pakhonde pomwepo, nakwera galimoto kulunjika kuphiri.

M'chipinda cha matepi munali zii. Gologolo anali atakhala pa njanji, mikono atapinda. Mwatitha anaima pafupi naye, natulutsa kompyuta ya m'manja, napempha chithunzi cha dzanja la bambo ake. Chinafika pomwepo, zala zisanu. Gologolo sanasunthe. Anapempha cha munthu wina, cha zaka zakale kwambiri chimene sichikanakhala pa disiki. Chinafika. Anapemphanso china, ndi china. Zonse zinkafika, zoyera, zosalala, ndipo loboti anangokhala duu. Kenako anasolola yekha tepi ya bambo ake pa shelefu, nailowetsa m'makina akale osalumikizidwa ku chilichonse. Inalibe kanthu.

Mwatitha anawapeza a Kamwendo kuseri kwa nyumba yawo akuthirira mbatata. Atamuona sanasiye kuthirira.

"Mwabwera ndi alonda enanso?"

"Ndabwera ndekha. A Kamwendo, chithunzi chija sichinachokere pa disiki."

A Kamwendo anatseka mpope. Mwatitha anafotokoza za zala za bambo ake. A Kamwendo anamvetsera mutu uli pansi.

"Ndinkaganiza choncho, koma ndinalibe pogwira," anatero. "Pamene ankawerenga matepi onse paja, ankaphunzira maonekedwe a thupi la munthu. Pa chithunzi chilichonse amasungapo zizindikiro zochepa, zotsalazo amajambula yekha pamene mwapempha. Dzanja la munthu limakhala ndi zala zisanu, ndiye wajambula zisanu. Mtima wa mwana umakhala wopanda bowo..."

Sanamalize. Anayang'ana Mwatitha, maso atatong'oka.

"Matepi a ana aja ali kuti?"

"Ndinawabwezera m'mashelefu."

"Gologolo anawagwira?"

"Tsiku lomwelo. Onse."

A Kamwendo anakhala pansi pa mzere wa mbatata, m'matope momwemo. Anafotokoza motsitsa mawu kuti anayambira matepi a ana chifukwa mwana wobadwa ndi vuto la mtima amachitidwa opaleshoni kangapo akamakula, ndipo dokotala wachiwiri amayendera njira imene woyamba anasiya. Mzere wawo unali utayandikira, ndiye anawachotsa Gologolo asanafike. Atabwezedwa, Mkhalapakati anangowaona ngati ntchito yotsalira.

Anakwera galimoto limodzi kubwerera kuphiri. Mwatitha anaimbira Mayi Chadza ali m'njira, ndipo atafika anagwada kuseri kwa maseva n'kuzula zingwe zimene analumikiza yekha. A Kamwendo anayesa matepi a ana m'makina akale aja mpaka manja anatopa. Onse anali opanda kanthu.

Zipatala zinauzidwa tsiku lomwelo kuti zisakhulupirire chithunzi chilichonse chakale. Maopaleshoni anaimitsidwa, ndipo makolo anayamba kufika pa geti la Nkhokwe, ena atabereka ana, kufunsa ngati cha mwana wawo chapulumuka. Mwatitha anapempha kuti aziwayankha ndi iye. Mayi wina wa ku Linthipe anamuuza kuti mwana wake wamkazi anang'ambidwa mwezi wathawo, madokotala n'kupeza mkati mosiyana ndi chithunzi, ndipo anamutseka osakonza kanthu. Tsopano mwanayo ankadikira kuti chilonda chipole kuti amung'ambenso. Mayiyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye chithunzi chimene anationetsa chija ndi cha mwana wa ndani?" Mwatitha anayankha kuti si cha mwana wa munthu aliyense, ndipo mayiyo anamuyang'ana ngati wamutukwana.

Kampani ija inayankha kuti palibe chalakwika, pulogalamu yawo inachita zomwe inapangidwira, kufulumiza ndi kupeza malo. Mizere imene Gologolo anali asanafike inapulumuka, pafupifupi theka la Nkhokwe. Mainjiniya a Poyera a m'maiko osiyanasiyana, anthu amene Mwatitha sanawaonepo, anathandizana nawo kulemba cholumikizira china chowerengeka mzere ndi mzere. Chinali chochedwa, ndipo madokotala anayambiranso kudandaula, koma tsopano Mwatitha ankawamvetsera mopanda kuipidwa.

A Kamwendo anabwezeredwa makiyi awo. Tsiku lina masana Mwatitha anatenga mbale yake n'kukakhala moyang'anizana nawo.

"Ndikanabwera kwa inu poyamba," anatero.

"Munabwera, mayi. Ine ndinakuyankhani ndi funso." Anatafuna kwa kanthawi. "Ndinali wotsimikiza kuti anakudyetsani kanthu."

"Inenso ndinali wotsimikiza kuti mukugulitsa."

Anapitiriza kudya, aliyense maso pa mbale yake. Ubwenzi wawo sunabwerere mwakale, ngakhale ankagwira ntchito bwino limodzi. Chimene chinkamuwawa Mwatitha nthawi zonse akaona kholo pa geti n'chakuti iye ndi a Kamwendo onse anali anthu atcheru, odziwa kununkhiza chinyengo, koma tcheru lawo lonse anathera pa wina ndi mnzake, ndipo chinthu chokhacho chimene sakanatha kuchiona mkati anachisiya chigwire ntchito mwamtendere.